Za Chitipa ndi Njira Yake Yakale

Ana inu, mudzi uli wonse uli ndi chifukwa chimene unamangidwira pamalo pamene uli. Wina unatsata madzi, wina unatsata nthaka yachonde, ndipo wina unakwera paphiri pothawa nkhondo. Nanga boma lathu la Chitipa, kumene ambiri a inu mwafikako kukagula mchere kapena kuperekeza wodwala kuchipatala, linatsata chiyani? Palibe nyanja pamenepo, palibenso mtsinje waukulu. Linatsata njira. Tsono kuti timve bwino mbiri yake, tiyambe taona dziko limene njirayo ipitamo.

Maonekedwe a dziko

M'mawa wa mwezi wa June, utsi wa lupsa usanayambe, munthu akakwera pachulu kunja kwa boma aona kutali ndithu. Pansi pake pali chigwa chotambalala, cha mitengo ya tsamba ndi madambo, ndi ng'ombe zili kudya. Chigwacho, ngakhale tichitcha chigwa, chili pamwamba kwambiri, pakuti chikwera mamita ngati 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Karonga safika ndi 500 omwe. Ndicho chifukwa chake kwathu kuno kuzizira, ndipo mlendo wochokera kunyanja apempha bulangeti usiku woyamba.

Kum'mawa kuoneka mapiri a Misuku. Pamwamba pake pali nkhalango za Matipa, Mughese ndi Wilindi, zimene sizichita chilimwe, koma zikhala zobiriwira chaka chonse, ndipo mitambo igona pa izo monga nkhuku pamazira. Kum'mwera kuli mapiri a Mafinga, aatali oposa mamita 2,000, ndipo kupitirira apo, cha ku Nthalire, dziko likwera kunka ku Nyika. Kumpoto kuli mtsinje wa Songwe, ndi mapiri a dziko la Tanzania kutsidya kwake. Kumadzulo kuli Zambia, pafupi penipeni, kotero kuti mnyamata wa njinga achoka paboma nafika kumalire thukuta lisanatuluke.

Pali chinthu chokondweretsa pa mapiri a Mafinga. Tiyerekeze kuti madontho awiri a mvula agwa pamsonga pa phiri, lina cha kuno, lina cha uko. Dontho la kumadzulo litsikira mu mtsinje wa Luangwa, umene uyambira m'mapiri omwewo, nilipita kudutsa dziko la Zambia mpaka ku Zambezi. Dontho la kum'mawa litsata mitsinje yathu, monga Lufira, nililowa m'nyanja ya Malawi, nilituluka ndi Shire. Ndipo kutali m'dziko la Mozambique, pamene Shire athira mu Zambezi, madontho awiri aja akomananso. Malire a dziko lathu ndi Zambia atsata mzere womwewo wogawa madzi.

Tsono taonani pa mapu. Kumpoto kwa nyanja yathu kuli mapiri, kumadzulo kwake kulinso mapiri a Nyika. Koma munthu wochoka ku Karonga akapirira chikweza cha masiku awiri kapena atatu, afika pachigwa chathu, ndipo kuyambira pano dziko likhala losalala ndithu kunka kunyanja ya Tanganyika. Chitipa ali ngati khomo la mpanda. Aliyense wofuna kuyenda pakati pa nyanja ziwirizi ayenera kulowa pakhomo limeneli.

Eni dziko

Musaganize kuti mbiri ya malo ano inayamba ndi Azungu. Iwo asanabwere, dziko linali ndi eni ake, ndi mafumu ake, ndi njira zake. Akulu a Alambya anena kuti makolo a mfumu Mwabulambya anachokera kutsidya la Songwe, kumapiri a kumpoto kwa nyanja, ndipo ophunzira za mbiri ayesa kuti papita zaka ngati 400 chifikire iwo. Ku Misuku kuli Asukwa ndi Andali pansi pa Mwenemisuku, kwa Kameme kuli Anyiha, ndipo kwa Mwenewenya ndi kwa Nthalire anthu alankhula Chitumbuka. Aliponso Anamwanga, Amambwe, Abandya ndi ena. Inu amene muwerenga buku lino m'Chichewa, ambiri kunyumba muyankha amayi anu m'chilankhulo china, ndipo pamsika mumva zinanso zitatu kapena zinayi. Mwana wa ku Chitipa sazizwa nazo, koma mlendo wochokera ku Dedza azizwa kwambiri. Zilankhulo zichuluka chotere pamalo pamene anthu apitapita.

Makolo athu anali anthu a ntchito. Anadziwa kukumba miyala ya chitsulo ndi kuisungunula m'ng'anjo zadothi, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Analima mawere potema nthambi za mitengo, kuziunjika ndi kuzitentha, nafesa paphulusa. Malimidwe amenewa anayenera nthawi imene anthu anali ochepa ndi tchire lambiri, pakuti munda wosiyidwa unapuma zaka zambiri mitengo niphukanso. Lero anthu tachuluka, ndipo nthaka ilibe nthawi yopuma. Ku Misuku anthu anaphunzira kulima pamatsitso popanda nthaka kukokoloka, ndipo nthochi zinazinga nyumba zawo monga zichitira lero lomwe.

Koma khomo lilowetsa abwino ndi oipa omwe. Zwangendaba, mfumu ya Angoni, atamwalira kudziko la Afipa cha m'ma 1848, magulu a anthu ake anabwerera kum'mwera napita m'dziko lino ndi nkhondo. Ababemba nawonso anadza kuchokera kumadzulo kudzalanda ng'ombe ndi anthu. Pambuyo pake anafika amalonda a kugombe la nyanja ya mchere, ofuna minyanga ya njovu ndi akapolo. Masiku amenewo midzi inazingidwa ndi malinga, ndipo mkazi sanapite kumadzi yekha.

Njira ya Stevenson

M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia anaika sitima yotchedwa Ilala panyanja yathu. Anthu ena a ku Scotland anaganiza kuti, ngati sitima ziyenda pa Shire ndi panyanja ya Malawi, ndipo zina ziyenda panyanja ya Tanganyika, chosowa ndi njira yapamtunda yolumikiza nyanja ziwirizo. Anayembekeza kuti malonda abwino akalowa, malonda a anthu adzatha. Munthu wina wachuma wa ku Glasgow, dzina lake James Stevenson, anapereka mapaundi 4,000 kuti njirayo ikonzedwe, ndipo inatchedwa ndi dzina lake.

Ntchito inayamba mu 1881. Woiyang'anira anali James Stewart, mmisiri wa misewu amene anagwirapo ntchito ku India. Kuchokera kunyanja ina kufika kunyanja inzake ndi makilomita oposa 300, ndipo gawo lovuta koposa linali loyamba lomwe, ndilo kukwera kuchokera ku Karonga kudza kuno. Panalibe makina. Anthu anadula mitengo ndi nkhwangwa, naphwanya miyala ndi nyundo, nanyamula dothi m'madengu. Mvula ikagwa, inakokolola m'usiku umodzi ntchito ya mwezi wathunthu. Stewart anadwala malungo namwalira mu 1883. M'malo mwake munadza mnyamata wina, William McEwan, ndipo iyenso anamwalira mu 1885. Pamenepo ntchito inaima. Gawo la kufupi ndi Karonga lokha ndilo linakumbidwa monga msewu. Kwina konse inali njira yolambulidwa chabe, yoyendamo anthu a miyendo. Komabe pa mapu a ku Ulaya anajambula mzere wonenepa kuchokera kunyanja kufika kunyanja, ndipo anthu kumeneko anayesa kuti ndi msewu waukulu woyendamo ngolo.

Ngakhale inali yosatha, njirayo inanyamula katundu wodabwitsa. Amishoni ena a ku London anafuna sitima panyanja ya Tanganyika. Sitimayo, dzina lake Good News, ndiko kunena Uthenga Wabwino, inapangidwa ku Britain, niphwasulidwa zidutswazidutswa. Zidutswazo zinadza pamadzi mpaka kumpoto kwa nyanja yathu, ndipo mu 1883 amtengatenga anayamba kuzisenza pamutu ndi pamapewa, nakwera nazo chikweza chonse chija, napita nazo m'chigwa chathu chino. Amisiri anazilumikiza pamtsinje wa Lofu, ndipo sitima inalowa m'madzi mu 1885. Taganizani, ananu: sitima inadutsa ku Chitipa, kumene kulibe ngakhale bwato!

Mabuku asunga maina a Stevenson, Stewart ndi McEwan, ndipo nkoyenera, pakuti awiri a iwo anataya moyo pa ntchitoyo. Koma ine ndiganiza kuti njira imeneyi inali ya amtengatenga koposa. Iwo ndiwo anaiponda ndi mapazi opanda nsapato, chitsulo chili pamutu, malipiro awo ndi mikono yowerengeka ya nsalu. Maina awo sanalembedwe. Kapena ena a inu ndinu zidzukulu za zidzukulu zawo.

Mphepete mwa njira yomweyi munayamba sukulu ndi mpingo m'dziko lino. Mu 1882 a Livingstonia anatsegula malo awo ku Chirenje, kwa mfumu Mweniwanda, ndipo m'busa Alexander Bain anagwira ntchito kumeneko zaka zingapo, asanamwalire mu 1889. Malowo sanakhalitse, chifukwa cha matenda ndi nkhondo, ndipo ntchito inasamukira kwina, monga ku Mwenzo, kutsidya la malire, kumene anatsegula mu 1894. Koma ana oyamba a chigwa chino kuona zilembo anaziona ku Chirenje.

Linga ndi dzina lake

Nkhondo imene inasautsa amishoniwo inali ya Mlozi. Iye anali wamalonda Mswahili amene anamanga linga lolimba ku Mpata, panjira pomwe pochokera ku Karonga, nagwira anthu ambiri a Ankhonde ukapolo. Kuyambira 1887 anamenyana ndi Azungu a kampani ya Mandala, ndipo sanagonje msanga. Mu December 1895 Harry Johnston, amene anali mkulu wa boma la Angelezi m'dziko muno, anadza ndi asilikali ndi mizinga, nagwetsa lingalo, ndipo Mlozi anapachikidwa.

Chaka chotsatira, 1896, boma linamanga linga laling'ono pachigwa chathu kuti lilonde njira, akapolo asapitenso. Linatchedwa Fort Hill. Ana ambiri amene ayamba Chingelezi ayesa kuti dzinali litanthauza linga la paphiri, popeza mawu akuti hill ndiwo phiri. Si tero ayi. Linali dzina la munthu, Sir Clement Hill, amene anagwira ntchito mu ofesi yoona za maiko akunja ku London. Johnston anakonda kutcha malinga maina a akulu ake ndi anzake, monga anachitira ndi Fort Lister ndi Fort Anderson ku Mulanje. Pamene panali linga panadza asilikali, pamene panali asilikali panadza ogulitsa ufa ndi nkhuku, kenaka sitolo, kenaka nyumba. Umo ndimo boma la Chitipa linamerera. Koma zaka zambiri linali laling'ono, lolamulidwa kuchokera ku Karonga, m'boma limene linatchedwa North Nyasa.

Njira ija inathandizanso kudula malire. Mu 1890 Angelezi ndi Ajeremani anapangana za kugawana maiko a kuno. Angelezi anati njira ya Stevenson inakonzedwa ndi anthu awo, chifukwa chake iyenera kukhala mbali yawo. Kotero malire anaikidwa pa mtsinje wa Songwe. Opanganawo anali ku Ulaya, ndipo sanafunse Alambya, Andali kapena Anyiha, amene anali kukhala tsidya lino ndi tsidya lija lomwe. Ndicho chifukwa chake ambiri a inu muli ndi amalume ku Tanzania kapena azakhali ku Zambia, olankhula monga inu, koma ndalama zawo nzina ndi mbendera yawo njina.

Pambuyo pake anadza anthu oimika mizati yachitsulo ndi kukoka waya wa lamya, umene Cecil Rhodes anafuna kuti uchoke ku Cape Town kufika ku Cairo. Wayawo unatsata njira yomweyo, nufika ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, mu 1899. Ku Cairo sunafike.

Ndipo nkhondo yaikulu ya 1914 itabuka, malire a Songwe anasanduka malire a adani. Ajeremani anathira nkhondo ku Karonga pa 9 September 1914, nabwezedwa. Mu May 1916 asilikali a mkulu wa nkhondo Northey anauka m'malo awo a pakati pa Karonga ndi Abercorn nalowa m'dziko la Ajeremani. Chakudya chawo ndi zipolopolo zawo zinayendanso pamitu ya amtengatenga. Amuna ambiri anatengedwa m'midzi mokakamiza, ndipo ambiri anafera kutali ndi njala, kamwazi ndi chisanu, minda yawo nigonera.

Kuchokera ku Fort Hill kufika ku Chitipa

M'zaka za pambuyo pake pa Fort Hill panakonzedwa bwalo la ndege. Ndege za Wenela zinatera pamenepo kunyamula amuna opita kumigodi ya ku South Africa. Bwalo limeneli linamveka dziko lonse mu February 1959, pamene anthu anali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Khamu la anthu linalanda bwalolo nilitseka kuti ndege zisatere, ndipo boma linachita kuitana apolisi a ku Tanganyika kudzalitsegula. Ku Misuku anthu otsogozedwa ndi Flax Musopole anatseka misewu ndi kuononga milatho, kotero kuti boma linavutika kufikako. Pa 3 March chaka chomwecho Dr Banda anamangidwa pamodzi ndi anzake ambiri. Koma patapita zaka zisanu, pa 6 July 1964, dziko linalandira ufulu. Pamenepo maina a malinga anayamba kuchotsedwa: Fort Johnston anakhala Mangochi, Fort Manning anakhala Mchinji, ndipo Fort Hill anakhala Chitipa.

Chinthu chimodzi chinachedwa, ndicho msewu. Malo amene anabadwa ndi njira anakhala zaka zambiri ali ovuta kufikako koposa maboma ena. Funsani akulu za ulendo wa ku Karonga nthawi ya dzinja: galimoto linatitimira m'matope, anthu nagona panjira, ndipo wodwala wina sanafike. Msewu wa phula, wa makilomita ngati 100, unamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China, ndipo pofika 2013 unali utatha. Kuyambira tsiku limene Stewart anayamba kukumba, panapita zaka zoposa 130.

Boma lakula msanga m'masiku athu. Pa kalembera wa 1977 anthu a paboma anali opitirira pang'ono 3,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka oposa 17,000. Anthu onsewa afuna pomanga. Kotero pamene panali munda wa mawere lero pali nyumba za njerwa, ndipo pamene abusa anadyetsa ng'ombe pali chigayo ndi sitolo. Midzi imene inali payokha yakomana ndi boma, ndipo mlendo sadziwa pamene mudzi uthera ndi pamene tauni iyambira. Zotere sizichitika kwathu kokha. Ku Ulaya, m'dziko la Belgium, m'chigawo cha Flanders, muli mzinda waukulu wa padoko wotchedwa Antwerp. Pokula unafika pa midzi yoyandikana nayo, monga Deurne ndi Hoboken, ndipo mu 1983 midziyo inalowa mu ulamuliro wa mzindawo. Koma maina ake sanafafanizidwe, ndipo munthu wa kumeneko akafunsidwa kwawo atchulabe Hoboken. Anthu a kumeneko ali ndi nyumba zamiyala ndi matchalitchi akale zowakumbutsa. Ife makolo athu anamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zimene chiswe ndi mvula zitha msanga. Zotsala zathu nzina: dzina la mudzi ndi la kamtsinje, mtengo waukulu pamene akulu anaweruzira milandu, manda a mafumu, ndi zidutswa zakuda za mwala wosungunuka zimene khasu lifukula pamene panali ng'anjo. Mukapeza chotere m'munda, musachiponye kutchire. Pitani nacho kwa agogo anu, mufunse dzina lake m'chilankhulo chanu.

Nkhalango za ku Misuku nazonso ndi chosiyiridwa. Zisungidwa ndi lamulo la boma, ndipo akasupe otuluka m'menemo ndiwo amwetsa midzi ndi minda ya m'munsi. M'mphepete mwake alimi abzala khofi, amene agulitsidwa kufikira kunja kwa dziko, ndipo tsopano atsika ndi galimoto njira imene sitima ija inakwera pamitu ya anthu.

Chilipo chinanso chimene chiswe sichidya, ndicho gule wa mwinoghe, wa Asukwa, Andali ndi Abandya. Dzinali litanthauza kuti tikondwere. Mu 2018 bungwe la UNESCO, limene liyang'anira za maphunziro ndi chikhalidwe m'maiko onse, linalemba guleyu m'kaundula wa zinthu za mtengo wapatali za mitundu ya anthu. Ambiri a inu mwauvina pabwalo la sukulu. Amuna aima mzere wawo, akazi mzere wawo, kuyang'anana. Palibe woimba nyimbo. Zimveka ng'oma zitatu, ndi wenzulo, ndi mawu a mtsogoleri. Ndipo iye akafuula, mizere yonse iwiri itembenuka pamodzi, mapazi nagunda pansi, fumbi nilikwera.